Loya Amene Anavota ndi Mapazi

Ku Mangalande kunali loya wina wa pakamwa pakuthwa. Lero ankaimira wakuba, mawa n'kuimira woberedwa, ndipo konsekonse ankapambana. Anthu a kwawo ataona luso limeneli anati, "Ameneyu ndiye akatiyankhulire," n'kumusankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Tsono kumeneko ali ndi mwambo wawo. Pa nkhani yaikulu savota pokweza manja. Belu likalira aphungu amadzuka n'kuyenda, ovomera kulowa khomo lawo, okana kulowa lawo. Pakapita mphindi zochepa zitseko amatseka, wochedwa zake zada.

Chaka china chipani chake chinabweretsa lamulo lotseka zipatala zing'onozing'ono, ndipo china mwa izo chinali cha kwawo. Akuluakulu a chipani anamukokera pambali. "Iwe ukangovomera, unduna ndi wako."

Atapita kwawo Loweruka, mayi wina wachikulire, amene mwamuna wake ankapumira makina pachipatalapo, anamugwira dzanja. "Bwana, zoyankhula timakudziwani. Koma tsikulo ife tidzayang'ana kumene mapazi anu adzalowere."

Tsiku litafika, loya uja anayamba zake zija. Anayankhula mokometsera mwakuti ofuna kutseka zipatala anagwedeza mitu, okana nawonso anagwedeza mitu, aliyense kumayesa kuti munthuyu ndi wathu. Kenaka belu linalira. Apa ndiye zinavuta, chifukwa makomo awiri sungalowe nthawi imodzi. Anaima pakati. Undunawo ankaufuna ndithu, tisamunamizire, ndipo mantha anamugwira. Koma anakumbukira dzanja la mayi uja, n'kulowa khomo la okana, anzake a chipani akumuyang'ana.

Atacheuka anaona anzake atatu akumutsatira. Nawonso mtima unkawatsutsa, kungoti ankadikira wina ayambe. Lamulo lija linagwa chifukwa cha mavoti anayi amenewo. Unduna sanaulawe mpaka ukalamba wake, koma chipatala sichinatsekedwe, ndipo mwamuna wa mayi uja anapitiriza kupuma.

Abale anga, ambirife ndife maloya. Lamulungu tiyankhulira Yesu, Lolemba tiyankhulira dziko, ndipo konsekonse amatiyamikira kuti timatha. Koma tsiku lina belu limalira, kuntchito kaya kunyumba, ndipo Mulungu amayang'ana mapazi, osati pakamwa. Musaope kuti mudzakhala nokha. Alipo ena kumbuyo kwanu, mwina a m'nyumba mwanu momwe, amene akungodikira kuti inu muyambe kuyenda.