Mchira wa Njiri Nkhutukumve

Kalekale, nyama zikadayankhula, Njiri anali ndi mchira wokongola kuposa wa Gologolo, ubweya wake wandiweyani. Ankadalira mchira umenewo kuti akafunsire mbeta kutsidya kwa dambo.

Koma liuma lake, abale inu. Mukati madziwa ngozizira, iye ankati akuwotcha.

Njiri ankakhala mu una wa mlamu wake Nungu. Polowa ankatsogoza mutu, mchira n'kuusiya panja poopa kuudetsa.

"Alamu, muzilowa chafutambuyo, maso akhale kukhomo," anatero Nungu.

"Mukundiphunzitsa kulowa m'nyumba? Ndinabadwira mumtengo ine?"

Tsiku loyamba Timba anazulako ubweya n'kukamangira chisa. Nungu anati, "Alamu, chafutambuyo." Njiri anati, "Umeranso."

Tsiku lachiwiri linthumbu linauluma mpaka kutupa. Nungu anati, "Alamu, chafutambuyo." Njiri anati, "Amandikanda, ndinawatuma ndine."

Tsiku lachitatu kunabwera Fisi.

"Odi kuno. Eni mchirawu alimo?"

"Ndilimo, koma lero sindilandira alendo," anayankha Njiri.

"Musavutike kutuluka, bambo. Ndicheza ndi wapanjayu."

Fisi anauluma, nakoka. Njiri anakokera m'kati. Fisi anakoka, Njiri anakoka, mpaka ubweya wonse pululu, kutsalira m'kamwa mwa Fisi. Kumbuyo kwa Njiri kunatsala kachingwe chabe.

Anapitabe kutsidya, poti munthu wake ndi yemweyo. Mbeta ija inamuyang'ana kutsogolo, inamuyang'ana kumbuyo, niti, "Mchira uja bwanji, mwauiwala kunyumba? Kautengeni, tidzakambirane."

Njiri anabwerera akulira, ndipo ngakhale ine ndimamumvera chisoni pamenepa. Atafika pa una anayang'ana uku ndi uku, natembenuka, nalowa chafutambuyo.

"Alamu, mwamva tsopano?" anafunsa Nungu.

"Ndamva chiyani? Nzeru imeneyi ndaiganiza ndekha."

Nungu anaseka mpaka minga kuchita phokoso. "Inu ndinu nkhutukumve. Makutuwo mumangonyamula."

Dzina lija linamukanirira, ndipo linafika mpaka kwa ife anthu. Timalipatsa aliyense amene mawu amamulowa uku n'kutulukira uku. Njiri mpaka lero amalowa chafutambuyo, ndipo akamathamanga amaimika kachingwe kaja kuti tione kuti katsalako.

Wokana malangizo amadzamva nkhwangwa ili m'mutu. Nthano yanga yathera pomwepa, thamangani mukaphule mbatata zija zisanapserere.