Mitengo Itatu ya pa Biyo la Alhaji

Alhaji Bwanali Mkwepu anafika kwa Shehe Lajabu itangotha swala, pemphero la masana, nsomba yaikulu ya mpasa ili m'manja, mkwiyo uli pankhope. Salamu anapereka ndithu, koma mwachidule ngati ikumuwawa.

Alhajiyu anali ndi biyo pamtsinje wathu, mpanda uja wa mitengo ndi bango umene amatcherapo miono. Chiyambire makolo, womanga biyo amasiya mpata pakati, kuti mpasa zina zidutse zikaikire mazira kumtunda. Alhaji anaona kuti mpatawo ndi kupusa kwa anthu akale. Anatseka tsidya ndi tsidya. Chaka chimenecho a kumtunda ankangomva fungo la nsomba pamalaya a anthu odutsa.

"Shehe, ndalakwiridwa," anatero Alhaji. "Munthu wina wazula mitengo itatu pakati pa biyo langa. Nsomba zikungodutsa ine ndikuona! Lachisanu mumudzudzule mumzikiti, anthu adziwe kuti kuba ndi haramu. Kodi nsomba si halali? Si riziki langa, gawo londipatsa Allah?"

"Ndi halali, Alhaji. Khalani pansi."

Shehe anaitanitsa mpeni, natumbula mpasa ija pamaso pake. Mimba yonse inali mazira okhaokha.

"Imeneyi imapita kuti?"

"Kumtunda, Shehe."

"Anaituma ndani?"

Alhaji anatsokomola. "Amene anailenga."

"Inunso anakuitanani ku Maka, munapita. Mpaka lero tikumva za ulendowo, ena kasanu, ine kakhumi. Nanga mukanapeza munthu atamanga mpanda panjira, n'kumanena kuti apaulendo onse ndi riziki lake, mukanamutcha ndani?"

"Koma Shehe, imeneyi ndi nsomba chabe."

Apa Shehe, amene sitinamvepo akukalipira ngakhale mbuzi yodya chimanga chawo, anakweza mawu.

"Nsomba chabe! Mwadya za chaka chino, mwadya za chaka chamawa zili m'mimba, mwadya za amasiye a kumtunda, ndiye mwabwera kudzandiuza kuti mwaberedwa? Allah anakulolezani nsomba, Alhaji. Mtsinje sanakupatseni."

Anapukuta mpeni uja, naloza kuseri kwa mzikiti.

"Mitengo yanu itatu ili uko, katengeni. Ndinazula ndine, masanasana, madzi akulekeza m'chifuwa. Mukaibwezeretsa, ndikazulanso. Za Lachisanu musadandaule: wozulayo ndimutchula dzina, ndipo ndinenanso chifukwa chake."