Gologolo ndi Mfundo Zinayi za Ulendo

"Amayi, ndabwera kudzatsanzika," anatero Gologolo atagwada pamanda a mayi ake. "Mawa ndinyamuka ulendo wathu uja. Koma mudziwe amene sanabwere kudzakuikani. A Nungu sanabwere, a Kanyimbi amene ankapempha mchere kwanu tsiku ndi tsiku sanabwere, ndipo alongo anu enieni, a Chimchira..."

Ulendowu Gologolo ndi mayi ake anaukonzekera zaka ziwiri. Ankafuna kukapuma masiku atatu kutsidya kwa mtsinje, kwa amalume ake a Chimchira, kumene mayiwo anabadwira koma osapondako chikwatiwire. Akakolola ankapatula mtedza pang'onopang'ono, ndipo mayi anaumanga m'chitenje mfundo zinayi: yolipira Mvuu wowolotsa, ya kamba wa panjira, ya mphatso ya amalume, ndi yobwerera.

"Mfundo simasulidwa tsiku lake lisanakwane," ankatero mayiwo. "Njala ikakuluma, mwanawe, iwe luma mchira wako." Gologolo anali mwana womvera mopitirira muyeso. Mawu akalowa m'khutu mwake ankauma ngati mwala.

Kutatsala milungu iwiri kuti anyamuke, mayi anadwala mwadzidzidzi namwalira. Mtedza wonse wa m'nkhokwe unathera kudyetsa anthu a pamaliro. Namzeze, amene ankanyamula mauthenga akutali, anatera pafupi ndi Gologolo n'kumunong'oneza.

"Nditume kutsidya, mnzanga. Ungondipatsa dzanja limodzi la mtedza, pakuti n'kutali."

Gologolo anayang'ana chitenje cha mayi ake, mfundo zonse zili gwa. "Tsiku lake silinakwane," anayankha. "Komanso maliro sabisika. Amva okha kumeneko."

Tsiku la ulendo litafika, anamasula mfundo yoyamba nalipira Mvuu. Ali pamsana pa Mvuyo ankabwereza mawu amene akawalalatire amalume ake, uku akugwedeza chibakera. Anatsimikiza kuti mphatso ija akangowaponyera pamapazi n'kutembenuka, osamwa ndi madzi omwe.

"Ukukangana ndi ndani kumtundako?" anafunsa Mvuu. "Khala bwino iwe. Ukagwa, mtedza wako sindibweza."

Anawapeza a Chimchira akusesa mphako ya mlambe, atayala udzu wouma watsopano. Pakona anali ataunjika bwemba. Nkhalambayo inatsinzinira diso limodzi kuti imuone bwino, kenaka inaseka mpaka kuoneka usinini.

"Ndiwe mphwanga? Wakula mchira wokhawokha, thupi ayi. Nanga mlongo wanga wamusiya kuti? Kapena akuyendabe ngati akuwerenga nyerere? Kuyambira ali mwana ndi wochedwa ameneyu. Bwembayu ndamusungira iye, iwe usakhudze."

Mawu onse amene Gologolo anakonza pamtsinje paja anathawa. "Amalume, musandiseke," anatero motsitsa. "Amayi tinawaika milungu iwiri yapitayi."

Tsache linagwa m'manja mwa a Chimchira. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi limene anali atangosesa. Kenaka anafunsa, "Unatuma ndani?"

"Ndinkayesa kuti mwamva."

"Ndimve kwa ndani? Mwini mbumba ndine. Maliro a mlongo wanga ndiwatole panjira ngati a munthu wachilendo? Ine kuno ndakhala ndikuwerenga masiku kuti mufike."

Gologolo anafotokoza za Namzeze, za nkhokwe yopanda kanthu, ndi za lamulo la mfundo. Poyankhula anaona yekha kuchepa kwa dzanja limodzi la mtedza, ndipo analira monga sanalirire ngakhale kumanda. A Chimchira anamukoka namugoneka pachifuwa pawo.

"Mawuwo ndi akedi," anatero akupukuta misozi. "Koma sanakuuze zonse. Chaka chimene unadwala uli khanda, mayi akowo anapereka mtedza wambewu wonse kwa sing'anga, mvula ili pafupi. Ndinamutumizira ine wina woti adzale. Ankamanga mfundo zolimba, inde, koma ankadziwanso pomasulira."

Atatonthola, nkhalambayo inafunsa ngati achibale a kuphiri ndi a kudambo anamva. Gologolo anapukusa mutu. Anatambasula chitenje chija n'kuyang'ana mfundo yobwerera, imene tsiku lake linali kutali ndi masiku atatu. Anaimasula ndi mano.

Anapita kumtsinje kumene Namzeze ankauluka pamwamba pa madzi, namuitana. "Tenga wonsewu. Pita kuphiri, upite ndi kudambo. Ukanene kuti watumidwa ndi mwana wa malemu pamodzi ndi mwini mbumba, ndipo ukawapepese kuti uthenga wachedwa."

"Nanga iwe ubwerera bwanji kwanu?" anafunsa Namzeze. "Mvuu sadziwa ngongole."

"Ndidikira madzi aphwe."

Tchuthi cha masiku atatu chija chinasanduka miyezi inayi. Gologolo ankagona pa udzu umene amalume aja anayalira mayi ake, ndipo bwemba uja anadya awiri, tsiku lililonse m'modzi, a Chimchira akusimba za utsikana wa mlongo wawo: mmene ankabera uchi, ndi mmene anakanira amuna atatu chifukwa cha ulesi wawo. Achibale a kuphiri ndi a kudambo anabwera mmodzimmodzi kudzalira nawo. M'mawa uliwonse nkhalambayo inkapita kukayeza mtsinje ndi ndodo.

Dzuwa la chilimwe litakula, miyala ya pakati pa mtsinje inaonekera. Ananyamuka onse kupita kumanda, Gologolo patsogolo, amalume atamugwira mchira, achibale ena akutsatira m'mbuyo.

"Yenda pang'onopang'ono, mphwanga," anatero a Chimchira ali pamwala woterera. "Mlongo wanga anandidikiritsa moyo wonse. Lero andidikireko iye."

Phunziro: Pokonza ulendo gawa chuma chako bwino ndipo uchisunge, koma imfa ndi matenda sizidikira tsiku la mfundo. Usanakwiyire amene sanabwere pamaliro, yamba wadzifunsa ngati unamutumira uthenga. Koma amene anamva, ali pafupi, n'kukhala pakhomo pake, ameneyo nthano ino siyikumuikira kumbuyo.