Chisanu cha ku Bursa

M'nyumba ya a Gomezgani, injiniya wa zamagetsi wokhala ku Madinat Khalifa mumzinda wa Doha, munali piringupiringu tsiku limenelo. Akazi awo, mayi Flora, amene ndi namwino, anali atapeza holide nthawi imodzi ndi iwo, ndipo mawa lake ankanyamuka ulendo wa ku Turkey. Chiyambire utsikana wawo, mayiwa ankalakalaka kudzagwira ndi manja chipale chofewa chimene ankangochiona pa kanema.

M'sutikesi anaikamo majuzi, masikafu ndi chijasi chimene anabwereka kwa a Asani, mnzawo wa bamboyo kuntchito. A Gomezgani anachitulutsa chijasicho. Ati iwo anakulira ku Chikangawa, kumene mwezi wa Juni ankapita kusukulu opanda nsapato udzu uli mbuu, ndiye sangaopsezedwe ndi kamphepo ka kwa eni.

"Bambo a Atuweni, zimenezo n'zakale. Thupi lanu linazolowera ng'anjo ya kuno ku Doha."

"Khalasi, zatha basi, mayi. Ine ndi chisanu tinayamwa bere limodzi."

Mzinda wakale wa Bursa unawalandira ndi dzuwa la mu Januwale, lowala koma lopanda mano. A Gomezgani anatuluka mu hotela atavala malaya okha, chifuwa patsogolo. Anayambira ku mzikiti waukulu wa Ulu Cami, kumene kasupe amatumphuka m'kati mwenimweni mwa nyumba ndipo makoma ndi odzaza ndi zilembo za Chiarabu zazitali kuposa munthu. Mayi Flora, atafunda kumutu, ankangotembenuka uku ndi uku pakamwa pali yasa. Amuna awo anakhala pa kapeti osafuna kudzuka. Mayiwo anayesa kuti kukongola kwawagwira mtima, osadziwa kuti chawagwira n'kufunda kwa m'katimo.

Ku Koza Han, msika wakale wa nsalu za silika, anakhala pabwalo n'kuitanitsa tiyi wa m'timatambula. Bambo aja ankangowonjezera, katambula kali m'manja onse awiri ngati kamwana ka nkhuku. Panjira anagula mtedza wootcha n'kuuthira m'matumba a buluku, ati akuusungira madzulo.

Masana anakwera kangolo koyenda pa chingwe m'malere kopita pamwamba pa phiri la Uludağ. Madenga ofiira a mzinda anatsalira m'munsi, mitengo inayamba kuyera, ndipo mayi Flora anamata nkhope pagalasi. Kenaka anamva kaphokoso kumbuyo kwawo, gwegwegwe. Anali mano a amuna awo. Milomo inali itatuwa, zala zosapindika. Diso la namwino silinafune kuuzidwa. Ndi mawu otsika mayiwo anati akangofika pamwamba abwerere pomwepo, chipalecho adzachigwira ulendo wina.

Mawu amenewo anawalasa a Gomezgani kuposa mphepo. Mkazi wayenda mtunda wonsewu, n'kukabwerera pakhomo chifukwa cha liuma lawo?

Pamalo otsikira panali mayi wina wogulitsa zovala zaubweya. Atangowaona a Gomezgani anagwira m'chiuno n'kuyamba kuwakalipira m'Chituruki, ndipo womasulira sanafunike. Majekete aamuna onse anawakana, poti a Gomezgani ndi munthu wa thupi. Chimene chinawakwana chinali chijasi chachikazi chofika m'maondo, cha maluwa ofiira, ndi chipewa cha kampira pamwamba. Anavala osatsutsa. Wogulitsayo anawamanga mabatani mpaka pakhosi, n'kuwamwetsa chakumwa chotentha cha mkaka.

Atatuluka panja, dziko lonse linali loyera ngati ufa woyanika. Mayi Flora anagwada, anatapa chipale chodzaza manja, anachinunkhiza, anachilawa, kenaka anaseka mpaka misozi. Chotsalacho anawagenda nacho amuna awo pamsana. Bamboyo anabwezera, maluwa ofiira ali petupetu, ndipo ana a eni dziko analowerera nkhondoyo, onse mbali ya mayi. Alendo ena anapempha kujambulitsa nawo. A Gomezgani, amene m'mawa sakanalola, anaima mwaulemu ngati mkwati.

Potsika dzuwa likulowa, mayi Flora anatsamira pa chijasi chija n'kufunsa ngati m'bale wawo woyamwa naye bere limodzi anawazindikira.

"Wandikana, mayi. Akuti mnyamata wa ku Chikangawa amamudziwa, koma bambo wa ku Doha uyu sanamuonepo."

Anaseka mpaka kangolo kanafika pansi. Akuluakulu sananame: tsobola wakale sawawa.