Mangulenje, Bwana Wosaoneka Nkhope

Kalekale, mphwanga, zipembere zikadali zambiri m'nkhalango, kunali munthu dzina lake Mangulenje.

Mangulenje ankakhala m'tauni. Mfuti sanagwirepo. Magazi sanapondepo. Iye ankangotuma.

Ankauza woyendetsa lole. Woyendetsa lole ankauza wogulitsa makala. Wogulitsa makala ankauza alenje awiri, Nthondo ndi Kabvina. Nyanga za zipembere zinkabwerera njira yomweyo, zitabisidwa m'matumba a makala, mpaka kutsidya kwa nyanja.

Malamulo ake anali awiri. Loyamba: "Mlenje asaone nkhope yanga." Lachiwiri: "Mukapeza mlendo m'tchire, mumangeni pamtengo. Zonena zake musamve."

Chipembere chinagwa. China chinagwa. Chinanso chinagwa. Pomaliza chinatsala chimodzi, chachikazi, ndi mwana wake.

Chipembere sichiona patali. Koma pamsana pake pankatera mbalame yodya nkhupakupa. Alenje akayandikira, mbalame inkati, "Mayi, anthu awiri kumadzulo." Chipembere chinkathawa ndi mwana.

Alenje anapita, anabwerako chimanjamanja. Anapitanso, chimanjamanja. Kachitatu, chimanjamanja.

Mangulenje anati mumtima, "Akundibera awa. Nyanga akugulitsa kwina. Ndikaone ndekha."

Anavala zovala za alonda a nkhalango kuti adutse pachipata. Anakabisala pamalo pamene chipembere chimachitira ndowe, poti chipembere chimabwerera pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Alenje nawonso ankadziwa malowo. Anamupeza. Anamugwira. Anamumanga pamtengo wa tsanya.

"Ndimasuleni," anatero Mangulenje. "Ndine bwana wanu."

"Bwana wathu safika kutchire, achimwene," anayankha Nthondo.

"Komanso anatiuza kuti tisamamve," anatero Kabvina, akukoka chingwe.

Mangulenje anakweza mawu kuti amukhulupirire. Anatchula dzina la woyendetsa lole. Anatchula la wogulitsa makala. Anatchula chipinda chimene ankasungamo nyanga.

Alenje anayang'anana. "Mlonda uyu akudziwa zonse," anatero Nthondo. "Anzake ali pafupi." Anataya mfuti, nathawa.

Nthondo sananame. Alonda enieni anali kutsidya kwa khwawa, akulondola mapazi a alenjewo. Mawu onse aja anawamva.

Asanawoloke, chipembere chinafika ndi mwana wake. Chinaima. Chinanunkhiza.

"Ndani uyu?" chinafunsa.

"Ndi amene anamaliza abale anu, mayi," inatero mbalame.

"Sakununkha mfuti. Sakununkha magazi."

"Eya, mayi. Iye amangotuma."

Chipembere chinayandikira mpaka nyanga inakhudza chifuwa cha Mangulenje. Aka kanali koyamba kuti aone nyanga ili pamutu pa mwini wake.

Sindiwonjezera, mphwanga. Sichinamubaye. Chinatembenuka, n'kupalasa ndowe ndi miyendo yakumbuyo monga chimachitira masiku onse. Ndowe zinamugwera kumaso. Kenako chinakankha mwana wake, n'kulowa m'tchire.

Alonda anafika. Mkulu wawo anayang'ana chingwe chija, nati, "Bambo, ntchito yomanga atigwirira kale. Tiyeni mukatisonyeze chipinda mwatchula chija."

Mangulenje anakalambira m'ndende. Mwana wa chipembere uja anakula, nabereka wake.

Wamva, mphwanga? Wowombera mfuti ndi wakupha, koma womutuma ndi wakupha woposa. Anadzibisa kwa anthu ake kuti mlandu usamupeze. Tsiku limene anafuna womudziwa, panalibe ndi mmodzi yemwe.

Nthano yanga, mphwanga, yathera pamtengo wa tsanya pomwepo.