Mkeka wa Katumbu

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mukunamizira kusamva uko, mumtsinje wina wa m'phiri munali kansomba dzina lake Ningwi. Kukamwa kwake kunali kunsi, milomo yokhuthala. Ntchito yake inali imodzi, kupala ndere pamiyala. Pala, pala, pala, mpaka mwala mbee!

Mvula itagwa, Ningwi anali ndi mazira m'mimba. Koikira kunali kumtunda kwa mathithi, ndipo njira inali imodzi yokha, kampata ka m'mbali mwa thanthwe. Pathanthwe pomwepo anakhazikikapo Katumbu, mwini mimba yosadziwa kukhuta. Nsomba ikati idumphe, iye gwi! Ina ikati idumphe, gwi! Mng'ono wake wa Ningwi anathera momwemo, ndi mazira omwe.

Ningwi analira tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake anati, "Ine ndidutsa. Madzi asanaphwe, ndidutsa."

Anazungulira thanthwelo, naona kuti kunsi kwake msodzi wina, a Likhutcha, anatchera mono waukulu. Basi, anavuula mutu.

"Odi, achimwene a Katumbu!"

"Ndiwe wonyambita miyala uja? Sendera ndikulawe."

"Ine ndine minga yokhayokha, achimwene. Koma mukundimvetsa chisoni. Bwana ngati inu kukhala pamwala wouma gwa! Matako sakupwetekani?"

Katumbu anadzisisita kumbuyo. "Akupweteka ndithu."

"Olakwa ndife. Ndere imene timapalayi ndiyo mkeka wa mabwana. Ingotiletsani, muone kufewa kwake."

Katumbu anafufuma. "Tamverani nonse! Wopala pano kuyambira lero, ndimudya kawiri!"

Anzake a Ningwi anakwiya, poti ndere yonona inkamera pathanthwe pomwepo. "Watiphetsa ndi njala iwe! Mazira akutilemera, madzi nawo akutsika!"

"Limbani mtima," anatero Ningwi, chonsecho nayenso m'mimba muli kulira. "Ine ndidutsa, inunso mudutsa."

Tsiku loyamba, ndere pang'ono. Lachitatu, thanthwe biriwiri. Katumbu ankangogona chafufumimba, nsomba n'kumatola ali chigonere. "Aaa, kufewa! Zaka zonsezi ndinali kuti ine?"

Tsiku lachisanu ndi chimodzi madzi anatsala ofika m'mawondo mwa mwana. Ningwi sanatume wina. Anapita yekha kumbali kuja kunali mono.

"Achimwene, lero ndanona! Ndilaweni!"

Anadumpha, phava! Patali pang'ono. Anadumphanso, phava! Katumbu dovu linamukwera. Anadzuka, anaima ndi miyendo iwiri, anatambasula dzanja. Mwendo uwu tere! Winawu tere! Terererere, khuvu! Mutu m'mono, mchira kunja ukupukusa.

Paja mono amaulukira polowera pokha.

"Ningwi! Mlongo wanga! Ndikoke!"

"Ndikukokeni ndi chiyani, achimwene? Ine ndili ndi milomo yokha, yonyambitira miyala."

Nsomba zonse zinadutsa, piringupiringu pakampata. Ningwi anadutsa pomaliza, akumata milomo pathanthwe, kukwera pang'onopang'ono. Atafika pamwamba anapala ndere yodzaza m'kamwa.

"Achimwene, mkeka wanuwu ndi wokoma!"

Anapita kukaikira mazira ake. Katumbu anatuluka m'monomo a Likhutcha atamupatsa ndodo zitatu zakumsana, ndipo mpaka lero akaona mono amauboola ndi ukali.

Yanga yafika kumtunda, yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata zija zisanapserere. Ndipo iwe wakhala pampando wofewawo, amene umaseka mnzako wosesa pabwalo, podzuka uziyamba wayang'ana pamene ukuponda.