Maliro a Mayi a Nungu

Kalekale, abale anga, nyama zikadayankhula ngati ife, kuseri kwa chulu, kutali ndi mudzi, kunkakhala Nungu ndi mayi ake okalamba.

Nungu sankapita ku ukwati. Sankapita ku mowa. Ngakhale ku maliro sankaoneka. Mukampatsa moni, ankayankha ataima patali. Ena ankati ndi wodzikuza, ena ankati ndi wosachezeka, ena ankati ngwamsunamo. Mayina onsewa Nungu ankawamva, koma ankangokhala duu.

M'mudzimo munalinso Fisi. Ameneyu ndiye ankatchedwa wansangala, womasuka, munthu wa anthu. Pa maliro alionse ankafika woyamba.

Tsiku lina m'mawa, mayi a Nungu sanadzuke. Nungu anawakulunga mu mphasa, analira yekhayekha, kenaka anati, "Maliro saika munthu mmodzi." Ananyamuka ulendo wa kumudzi.

Anafika kwa Njiri, mkulu wa okumba manda. Anaima patali, nati, "Odi kuno! Mayi atisiya."

"Pepani," anatero Njiri. "Koma a Nungu, mwana wanga atamwalira, ndinakuonani? Maliro n'kulirana."

Nungu anatsegula pakamwa, mawu anakana kutuluka. Anapitirira.

Anafika kwa Nyani, mkulu wa onyamula maliro. Anaima patali, nati, "Odi kuno! Mayi atisiya."

"Lero mwaidziwa njira ya kumudzi?" anatero Nyani. "Odzikuza amadzinyamula okha."

Nungu anatsegula pakamwa, mawu anakananso. Anapitirira.

Panjira anakumana ndi Fisi. Asanamalize n'kunena komwe, Fisi anagwira kumutu. "Mayo ine, amayi athu! Musadandaule, achimwene. Inu kauzeni ena, ine ndikakhale ndi thupi." Nungu mtima unakhala pansi. Anathokoza, nathokozanso, nati mumtima, "Zoonadi, uyu ngwansangala."

Pafupi ndi chitsime anapeza Nkhanga akutola mbewu za udzu. Anamuuza za malirowo. Nkhanga anasiya kutola, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Zoti ndinu wodzikuza ine ndimangomva kwa ena," anatero Nkhanga. "Koma ndikufunseni nokha: mumatithawiranji?"

Chibadwire chake, palibe amene anamufunsapo funso limeneli. Nungu anakhala pansi.

"Kwathu kumene tinachokera, ndili mnyamata, ndinapita ku ukwati wa Gwape," anatero. "Ng'oma italira ndinakondwa, minga yangayi inaimirira, inabaya mwana wa Mbira m'diso. Disolo silinaonenso. Minga imeneyi, mayi, siimandimvera. Ndikakondwa imaimirira, ndikamva chisoni imaimiriranso. Ndiye ndinalumbira kuti pagulu sindidzayandikiranso."

"Nanga osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Manyazi."

Nkhanga anapukusa mutu. "Nanga thupi mwasiya ndi ndani?"

"Ndi a Fisi."

"Fisi? Yekha ndi thupi? Munamuonapo akudya udzu ameneyo? Thamangani!"

Nungu anathamanga, minga ili wayawaya. Nkhanga anaulukira kumudzi akukuwa. Pofika kuseri kwa chulu, Nungu anapeza Fisi akukokera mphasa kuthengo, malovu ali chuchuchu.

"Ndimawasunthira pamthunzi, achimwene," anatero Fisi, akusekerera.

Nungu anatembenuka, naimiritsa minga yonse, nabwerera chambuyo, pha! pa ntchafu za Fisi. Fisi analira ngati wapsa ndi moto, nathawa akukoka miyendo. Mpaka lero amayenda ngati kumbuyo kukumulemera.

Posakhalitsa Nkhanga anafika ndi mudzi wonse. Zonse anali atawafotokozera m'njira. Njiri anayang'ana mphasa yong'ambikayo, anayang'ananso Nungu. Anagwada pansi pa mtengo wa msuku n'kuyamba kukumba. Nyani anaitana anzake, anadula mitengo yonyamulira.

Pa manda, nyama zonse zinazungulira dzenje. Nungu anaima patali monga mwa masiku onse.

"Senderani kuno, a Nungu," anatero Njiri. "Awa ndi mayi anu."

Nyama zinasendera uku ndi uku, zinasiya mpata wa mapazi atatu. Nungu analowa mu mpatawo. Analira, minga inaimirira, koma sinabaye aliyense.

"Mukanatiuza, malowa tikanakusiyirani kalekale," anatero Njiri.

"Ndinalakwa kukhala chete," anatero Nungu.

"Ifenso tinalakwa," anayankha Nyani, maso ali pansi. "Dzina tinakupatsani, funso ayi."

Choncho, abale anga, wodzipatula aliyense si wodzikuza, ndipo wosekerera aliyense si bwenzi. Musanatchule mnzanu dzina, yambani mwamufunsa. Nanunso amene muli ndi chokupwetekani, chitulutseni, pakuti anzanu salota.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata akaphule, ingapserere.